Mlendo wa m'Munda wa Selina

Nkhani iyi sindinauzepo munthu, ngakhale amayi anu. Anthu a kuno amadziwa kuti chaka changa chomaliza pantchito, chipinda cha makina a komputadori pasukulu pathu chinatsekedwa miyezi ingapo, ndipo amadziwa kuti kiyi wake ndinakapereka ndine. Chimene sadziwa ndi mawu amene ndinalemba pamakinawo dzulo lake. Ndikulemba tsopano, ana anga, maso asanatheretu, chifukwa ana anu akukula ndi mafoni m'manja ndipo zimene ndinaona ine zidzafika pakhomo panu.

1995, Kalomwe

Titabwerako ku Malawi kumene tinathawira nkhondo, ntchito yanga yoyamba inali ya ulonda panyumba yosungiramo kachewere ndi nyemba ku Kalomwe. Mwini wake anali wamalonda waukali pakamwa koma wosamana chakudya. Kuwerenga sindinkadziwa. Matumba a eni osiyanasiyana ndinkawasiyanitsa ndi mtundu wa chingwe chosokera, ndipo munthu akandipatsa pepala ndinkaligwira mwaulemu ngati ndikuwerenga, kudikira kuti anene yekha zimene zalembedwa. Ndi pamenepo pamene anabwera bambo uja amene akuluakulu a inu mukumukumbukira. Anavula chipewa pondipatsa moni. Anafunsa mfunda wanga, ndipo kuyambira pamenepo mawu ake onse ankayamba ndi "a Ngozo". Anafunsa za kumudzi, za ana, za msinkhu wawo, ine n'kumayankha, pakuti munthu akakulonjera mwaulemu umamuyankha. Anati mkazi wake ku Beira akufuna mtsikana wolera mwana, ndipo adzamulowetsa sukulu, adzamugulira nsapato. Mkulu wanu Rozina anakwera lole atavala diresi la amayi ake lopindidwa m'chiuno. Sitinamuonenso. Zimenezi mukuzidziwa ndipo sindizitalikitsa. Ndazitchula kuti mumvetse za kutsogoloku.

2003, kusukulu

Ndinalembedwa ntchito ya ukontinu pasukulu ina ya ana aang'ono cha ku Lifidzi. Kontinu ndiye wosesa, woliza belu, wosunga makiyi ndi wotumidwa kulikonse. Belu lathu linali mkombero wa gudumu la lole wopachikidwa pamtengo wa bulugamu. Zosowa zinali zambiri. Choko chikatha aphunzitsi ankalemba ndi chinangwa chouma, ndipo mwezi wa chisanu ana a m'kalasi yopanda mawindo ankaphunzirira panja potsatira dzuwa. A diretori oyamba, ndiye kuti mkulu wa sukulu, anali munthu wa chikwapu, sitinkalankhulana kupitirira "chita ichi". Amene anawalowa m'malo anali mayi wa ku Fonte Boa, wophunzira kumishoni. Tsiku lina anandipeza nditaima ndi tsache pawindo la kalasi yoyamba, milomo ikuyenda pamodzi ndi ya ana.

"A Ngozo, mukusesa windo kapena mukuba maphunziro?"

"Ndikuba, amayi."

"Ndiye muzibwera masana mudzabe bwinobwino. Kuli kalasi ya akuluakulu."

Umo ndi mmene ndinadziwira kuwerenga, imvi zitayamba kale. Chinyanja ndimawerenga bwino. Chipwitikizi ndimachikoka ngati ngolo pamtunda, koma ndimafika.

Pantchitoyi ndinali ndi mwambo wanga umene palibe anandituma. M'mawa uliwonse ndinkaima pachipata, mwana aliyense wodutsa andipatse moni. Wachilendo ndinkamuimitsa. "Ndiwe mwana wa yani? Kwanu n'kuti? Wamkulu akakufunsa uziyankha momveka, usamangoti duu." Makolo ankayamikira kuti ana a sukulu yathu ndi aulemu, ndipo ine ndinkanyadira kuti mwina limenelo ndilo phunziro langa, ine wopanda kalasi.

2022, makina afika

Makinawo anabwera ndi anthu a bungwe lina, pamodzi ndi masola a padenga ndi kabokosi kokokera intaneti. Anali ochepa, ana ankakhala atatu pa amodzi. Nthawi imeneyo a diretori anali a Bernardo, munthu wofatsa koma woopa mlandu. Asanatsegule chipindacho anaitanitsa makolo pansi pa bulugamu. Woyamba kuimirira anali a Fabiyao, mlimi wa kachewere, bambo wa mtsikana wina dzina lake Selina.

"Zinthu izi ndaziona m'mafoni a anyamata ku Kalomwe," anatero. "Muli zamaliseche ndi juga. Mwana wanga ndamutuma kudzaphunzira, osati kudzaonera."

Ambiri anavomereza. A Bernardo anaimika dzanja n'kulonjeza pamaso pa onse: "Tsiku limene choipa chidzafike kwa mwana kudzera m'makinawa, ndidzatseka chipindacho ndekha." Makolo analola chifukwa cha mawu amenewo, ndipo ine ndinawasunga, poti kiyi anapatsidwa kwa ine.

Wodziwa makinawo anali a Filomena, mphunzitsi wachitsikana wa kalasi yachitatu. Iwo ndiwo ankasankha masewero a pa intaneti oti ana aziphunzirirapo, koma ana m'kalasi mwawo anali osefukira, nthawi yoyesa sewero lililonse analibe. Ataona kuti ndikachedwa posesa m'chipindamo ndimakhala ndikusuzumira, anandikhazika pampando n'kundigwiritsa kachipangizo koyendetsera muvi wa pagalasi.

"Agogo, mvetserani. Loyamba, sewero likhale laulere lenileni, osati laulere pakhomo, ukalowa n'kuyamba kupempha nambala ya foni. Mukaona m'mbali mukuthwanima mpira ndi ndalama, imeneyo ndi juga, tulukani. Mukaona mfuti ndi magazi, tulukani. Likapambana zonsezo mudzifunse kuti mwana akadzuka pamenepo wadziwa chiyani chimene sankachidziwa. Ngati palibe, ndi bawo chabe."

"Bawo mukuinyoza? Inandiphunzitsa kuwerengera ine."

"Chabwino, bawo ndaipepesa. Koma mwamva?"

"Ndamva. Ndiye kuti ndizilawa, monga mayi alawira phala asanampatse mwana."

"Eya, lawani."

Ndinalawadi. Ana akaweruka, ine ndinkatsala n'kumasewera masewero a ana a zaka zisanu ndi ziwiri, aphunzitsi ena akuseka pawindo kuti mdala wabwerera kuubwana. Sindinkawamva n'komwe. Ana anga, zimene ndinaona m'galasi lija sindidziwa ndingazilembe bwanji. Munali sewero lina loonetsa dziko lonse ngati dzungu loyandama mumdima, lofunsa kuti upeze malo. Ndinalizunguza ndi chala changa ichi, chala chosenza matumba. A Filomena anandionetsa kutsika nalo pansi, ndipo tinatsika kudutsa mitambo mpaka ndinaona phiri la Domwe kuchokera kumwamba, msewu wa ku Kalomwe ngati ulusi, madimba m'mbali mwa mtsinje, kenako denga la sukulu yathu ndi mthunzi wa bulugamu. Ndinavula chipewa. Ndinkaganiza kuti Mulungu yekha ndi akabawi ndiwo amationa chotero. Munali lina loonetsa mtima wa munthu ukugunda, magazi akulowa uku n'kutulukira uku, ndipo ndinagwira pachifuwa panga n'kumva kuti zikugwirizana. Koma chimene chinandigonjetsa ndi kuleza mtima kwa makinawo. Mwana akalakwa chilembo, mawu a mkati ankangoti ayesenso. Alakwenso, ayesenso. Ndaona ana ambiri akusiya sukulu chifukwa choopa kulakwa pamaso pa anzawo. Apa panali mphunzitsi wosatopa, wosakwiya, wosakumbutsa mwana kuti dzulo analephera.

Ambiri mwa masewero amene ndinalawa ndinawakana. Lina linayamba ndi zilembo bwinobwino, kenako panatulukira mkazi wovala zosayenera akutsatsa zinthu. Lina linkaima pakati kufuna malipiro. Amene ndawavomera ndinkawaonetsa a Filomena, iwo n'kuyang'ananso, ndipo ntchito inkayenda. Chaka chonse palibe kholo linadandaula.

2023, nyengo ya mondokwa

Chaka chimenecho a Filomena anapita kutchuthi cha uchembere. Anandisiyira masewero akale n'kunena kuti ndisawonjezere, koma ana anali atawatopa, ndipo ine ndinali nditayamba kudzikhulupirira. Ndinapeza sewero la munda. Mwana amapatsidwa kamunda, amabzala, amawerenga mizere, amagawa matumba kwa ogula, ndipo akawerengera bwino munda umakula. Ndinalilawa masana angapo. Nambala silinapemphe, juga munalibe, mfuti munalibe, ndipo masamu anali enieni. Linali loyamba kusankha ndekha.

Ana analikonda kuposa onse, koma amene linamusintha ndi Selina. Mtsikanayu anali atabwereza kalasi, ndipo m'kalasi sankatsegula pakamwa, mpaka ena ankati ndi wogontha. M'munda wa m'makina uja anayamba kuwerenga mokweza osadziwa kuti tikumumva. Munda wake unaposa wa aliyense. Tsiku lina a Fabiyao anaima ndi njinga pachipata.

"A Ngozo, mwamudyetsa chiyani mwana wanga? Dzulo wandiwerengera mizere ya kudimba, n'kundiuza kuti feteleza sakwana. Ndipo sanakwanedi."

"Si ine, ndi makina aja munkawakana."

"Mwina ndinafulumira kulankhula," anatero akuseka, n'kupalasa.

Masana a tsiku limene ndikunenali kunagwa mvula yamphamvu ana atangoweruka. Ena anathamangira momwemo, ochokera kutali anabisala pakhonde. Ine ndinalowa kukazimitsa makina. Pa amodzi munda wa Selina unali ukadali wotsegula, ndipo ndinaima kuusirira, chimanga chake chili mbuu, nkhokwe zodzaza. Pakona panatseguka kabokosi kamene sindinakaonepo, muli mawu a Chipwitikizi: "Boa tarde, Selina." Ndinaganiza kuti ndi mphunzitsi uja wa m'makina waphunzira kulonjera. Ndinakhala pansi, ndipo ndi chala chimodzi ndinabweza moniwo, n'kuwonjezera kufunsa ngati aswera bwino. Sindinaganize kawiri. Moni sukhala wosayankhidwa.

Mawu ena anabwera. Ndinawakoka pang'onopang'ono mpaka ndinamva tanthauzo: "Dzulo sunandiuze njira imene umadzera pobwerera kunyumba."

Makina safunsa njira. Ndinakweza mawu akale monga a Filomena anandiphunzitsira, ndipo anali ambiri, a masiku angapo. Munthuyo anayamba ndi kuyamikira munda. Anati iye ndi wamkulu, ali ndi mwana wamkazi wa msinkhu womwewo. Anafunsa dzina lenileni, Selina anayankha. Anafunsa dzina la bambo, zaka, dzina la sukulu, anayankha zonse m'Chipwitikizi chake chopunduka, mwina n'kuwonjezera zikomo. Anamulonjeza foni yakeyake yoti azisewerera kunyumba, ndi nsapato. Anati asauze aphunzitsi chifukwa anzake angachite nsanje.

Nditafika pa nsapato, chipinda chija chinachoka. Ndinali ku Kalomwe, fungo la kachewere wovunda lili m'mphuno, chipewa chili m'manja mwa bambo uja. Ndikudziwa kuti sizingatheke, munthu ameneyo ngati ali moyo ndi nkhalamba yoposa ine. Koma mafunso anali omwewo, otsatana chimodzimodzi, ndi ulemu womwewo. Ichi ndi chimene sindinauzepo munthu. Ine bambo wanu, wa imvi, ndinaika chala pa zilembo n'kulemba m'Chinyanja: "Rozina ali kuti?"

Ndinadikira, mvula ikuomba malata. Yankho linabwera, ndipo silinali la Chipwitikizi. Linali m'Chinyanja chathu chomwechi.

"Rozina ndani? Mnzako? Ali ndi zaka zingati?"

Pamenepo ndinadzidzimuka. Munthuyu sanali kutsidya la nyanja ayi. Ankalankhula ngati ife, ankadziwa sukulu, chimene chinkamusowa ndi njira yokha.

Ndinatuluka pakhonde. Selina anali atakhala pakona, buku lake atalibisa m'malaya. Ndinamuitanira pambali, ndinagwada kuti nkhope zathu zifanane.

"Selina, uja umalankhula naye m'munda ndani?"

"Ndi atate ena, agogo. Amati ndimalima bwino."

"Unawaonapo?"

"Ayi."

"Nanga unawauziranji dzina la bambo ako ndi la sukulu?"

Anandiyang'ana modabwa. "Anandipatsa moni. Ndi aakulu. Si paja mumati wamkulu akafunsa tiziyankha momveka?"

Mwanayo sanalakwe kanthu, anachita zimene ndinamuphunzitsa pachipata m'mawa uliwonse. Ndinafunsa chifukwa chimene sanawauzire njira.

"Dzulo belu linalira ndisanamalize kulemba, ndipo lero sanabwere. Ndimati ndiwauze mawa."

Mvula itachepa ndinamukweza panjinga mpaka kwawo. Bambo ake anali asanabwere kudimba. Ndinauza amayi ake kuti mwana asachoke pakhomo, mawa ndidzamutenga ndekha, ndipo ndinapitirira kwa a Filomena. Ndinawapeza pakhonde akuyamwitsa. Ndinafotokoza zonse kupatula za Rozina. Anatenga foni yawo, anafufuza sewerolo, anawerenga kanthawi.

"Agogo, munafika pati posewera?"

"Ndinakolola kangapo."

"Ndiye chifukwa chake. Munda ukakula kufika pa msinkhu wina, limatsegula khomo loti osewera ena, aliyense padziko, azikuyendera ndi kukulembera. Inu simunafikepo. Selina yekha ndiye wafika, chifukwa ndiye wakhoza kwambiri." Anachotsa maso pafoni. "Munalawa pamwamba. Nanenso sindinakuuzeni za makomo amenewa, ndinaiwala. Sewero lililonse lolola mlendo kulankhula ndi mwana si la ana, ngakhale masamu ake akhale abwino chotani."

Ndinafunsa ngati sewerolo lingachotsedwe. Anati n'zosavuta, ngakhale ine ndingathe, ndipo anandionetsa podina. Ndinayang'ana chala chawo ndipo ndikuvomera kuti mtima unakopeka. Ndikanafika m'mawa ndisanalize belu, n'kudina, n'kuuza ana kuti munda wawonongeka. A Bernardo sakanadziwa, a Fabiyao sakanadziwa. Dziko lozungulira lija, mtima wogunda uja, mphunzitsi wosakwiya uja, zonse zikanatsala.

"Akamva atseka chipinda," ndinatero.

"Atseka. Analonjeza pagulu."

"Ana ataya zonse chifukwa cha sewero limodzi."

"Mwina. Koma sewero mungalifufute m'makina, dzina la sukulu m'mutu mwa munthuyo simungalifufute. Ndipo mawu akewo musawachotse, apolisi ayenera kuwaona." Mwana analira, anamusinthira bere lina. "Mukafuna ndibwera mawa nditamubereka uyu. Koma kiyi ali ndi inu, agogo."

Pobwerera sindinapalase, ndinkangokankha njinga m'matope. Ndinkaganiza za ana a kalasi yoyamba amene anali asanazunguzepo dziko lija. Ndinkaganizanso za a Fabiyao akuseka pachipata, osadziwa kuti kwinakwake kuli munthu amene akudziwa dzina lawo ndi zaka za mwana wawo. Ku Kalomwe kunali alonda anzanga, kunali oyendetsa malole, ndipo sindikhulupirira kuti palibe mmodzi amene ankamukayikira bambo uja. Palibe anandiuza. Ndinafika pakhomo nditadziwa chochita.

Zotsatira zake mukuzidziwa. Chipinda chinatsekedwa mpaka chisanu chitatha. Apolisi anaona mawuwo, koma palibe anafunsa kuti za Rozina analemba ndani. Ngati munthuyo anapezeka sindinamve. Pamene chinatsegulidwanso munali masewero okhawo oyenda popanda intaneti ndi ena ochepa opanda khomo la alendo, ndipo olawa tinali atatu, a Filomena, ine, ndi kholo limodzi losinthanasinthana, ndipo tinkalawa mpaka pansi pa mbale. Pachipata ndinasintha phunziro. Moni wa munthu amene ukumuona, amene makolo ako akumudziwa, uziyankha. Wa munthu wopanda nkhope usayankhe, ndipo si mwano, thamanga ukauze wamkulu. Linali phunziro lovuta kutuluka m'kamwa mwanga kuposa Chipwitikizi. Koma m'mawa umene ndikunenawu zonsezi sindinkazidziwa. Ndinkangodziwa kuti ndikukatseketsa chinthu chokongola kwambiri chimene ndinachionapo pantchito.

Kunacha ndi nkhungu. Sindinapite kukasesa. Ndinalunjika kwa a Fabiyao, ndipo ndinawapeza akumangirira khasu panjinga.

"A Ngozo, m'mawa uno? Kwagwanji?"

"Zimene munanena pamsonkhano zija zachitika, ndipo zadzera m'sewero limene ndinasankha ine. Mwana ali bwino, palibe wamukhudza. Koma siyani khasulo, tipite kusukulu mukawerenge nokha."

Nkhope yawo inauma. Kenako anamasula khasu, anaitana Selina. Tinayenda wapansi, mwanayo ali pakati pathu. Titafika ana anali ataunjikana pachipata kudabwa kuti belu silinalire. Anandipatsa moni, ndinayankha, koma sindinafunse aliyense kuti ndi mwana wa yani. Ndinagogoda paofesi ya a Bernardo, ndinavula chipewa, ndinatulutsa kiyi m'thumba n'kumuika patebulo.

"Bwana, kiyi wanu uyu. Koma musanatseke, tiyeni mukaone mlendo amene walowa m'munda wa Selina."